Kusoka Thambo: Zimene Zimavuta Polumikiza Zithunzi za Nyenyezi

Nkhani yathu lero iyambira kumapiri a ku Neno, ndipo ikhudza thambo.

Inu amene munagonapo kumtunda kwa boma limeneli, cha kwa Dambe uko, m'nyengo ya chisanu mwezi uli kumdima, mukudziŵa chimene ndikunena. Kumeneko mdima ukadali mdima weniweni. Munthu akatuluka pabwalo cha m'ma 9 koloko usiku m'mwezi wa Julayi, amapeza Mlalang'amba utayala ngati phulusa lomwazika m'njira, kuchokera kumwera chakumadzulo kumene kuli nyenyezi za Mtanda wa Kumwera, kudutsa pafupi ndi paliwombo, mpaka kukatsikira kumpoto chakum'maŵa. Neno ili pa madigiri 15 kumwera kwa ikweta, ndipo pakati pa Mlalang'amba, paja pali pothithikana ndi poŵala kopambana, pamadutsa madigiri 14 okha kuchokera pamutu penipeni. Ku London malo omwewo sakwera kufika ngakhale madigiri 10 kuchokera pansi. Chimene anzathu akumeneko amachiyendera ulendo wautali, mwana wa ku Neno amachiona potuluka kukataya madzi.

Tsono amene afuna kujambula kukongola kumeneku amakumana ndi vuto limodzi msanga. Maso athu amayendayenda, ndipo mutu umatembenuka, kotero kuti timaganiza kuti taona thambo lonse nthaŵi imodzi. Kamera siitero ayi. Iyo imasuzumira pazenera. Lenzi ya mamilimita 24, imene ojambula amati ndi yotakata, pa kamera yaikulu imaona madigiri 74 m'litali ndi 53 m'lifupi, pamene Mlalang'amba umayenda madigiri 180 kuchokera mbali ina ya dziko kufika mbali inzake. Njira yake ndi imodzi: kujambula zithunzi zambiri, china pambali pa chinzake, nkuzilumikiza pambuyo pake monga momwe telala amalumikizira zigamba. Akatswiri amachitcha mosaic chithunzi chotere. Kunena nkosavuta.

Chaka chathachi ndinayesa ine mwini. Ndinali kunyumba kwa amalume anga kumapiri komweko, ndili ndi kamera yobwereka ndi miyendo yake itatu. Ndinajambula zithunzi 14, mizere iŵiri ya zithunzi 7, chilichonse kwa masekondi 20. M'maŵa mwake ndinazipereka ku kompyuta kuti izisoke, ndipo chimene chinatuluka chinandichititsa manyazi. Mtanda wa Kumwera, umene uli ndi nyenyezi zinayi zoŵala, unali ndi zisanu ndi zitatu. Phiri la kumadzulo linathyoka pakati, mbali ina pamwamba ina pansi. Pamsoko uliwonse panali mzere wakuda, ndipo pakati penipeni pa Mlalang'amba panali chiboo. Amalume, amene moyo wao wonse akhala akukhoma madenga, anayang'ana nthaŵi yaitali osanena kanthu. Kenaka anati, "Mphwanga, denga ili lidontha. Malata ako angogundana milomo, sanagonerane."

Mawu amenewo ndiwo phunziro loyamba, ndipo ndi lalikulu kuposa onse. Lata silikumana ndi linzake m'mphepete mokha. Limagona pamwamba pa linzake. Chimodzimodzinso zithunzi. Chithunzi chilichonse chiyenera kubwereza gawo la chinzake, kuti wolumikiza apeze nyenyezi zimene zili m'zithunzi zonse ziŵiri. Ine ndinaumira, ndinkabwereza kachigawo kochepa kuti ndimalize msanga chifukwa cha chisanu. Ojambula ozoloŵera amabwereza gawo limodzi mwa magawo atatu, ena theka lathunthu.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno kwathu. Mapu aja a 1 ku 50,000 amene ambiri a ife tinaphunzirira kuŵerenga mapiri ndi mitsinje ku sekondale anachokera ku zithunzi zojambulidwa m'ndege. Ntchito yaikulu yotere inagwiridwa ndi bungwe la boma la Britain lotchedwa Directorate of Colonial Surveys, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1946, ndipo mu 1957 linasintha dzina nkukhala Directorate of Overseas Surveys. Pa ntchito yojambula dziko kuchokera m'mwamba, lamulo lake nlakuti chithunzi chilichonse chibwereze magawo 60 mwa magawo 100 a chinzake cham'mbuyo, ndiponso mzere uliwonse wa ndege ugonere pa mzere woyandikana nawo. Ndege ikapatuka pang'ono chifukwa cha mphepo nkusiya mpata, panalibe kuchitira mwina koma kuulukanso.

Akatswiri a zakuthambo anafika pa mfundo yomweyo kale kwambiri, ndipo nkhani yake inayambira kumwera kwa Afirika kuno. M'chaka cha 1882 kunaoneka nyenyezi yaikulu ya mchira. David Gill, mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya Royal Observatory ku Cape Town, anamangirira kamera wamba ku telesikopu yake kuti aijambule. Chimene chinamudabwitsa si mchirawo, koma unyinji wa nyenyezi zimene zinaoneka kumbuyo kwake. Anazindikira kuti thambo lonse likhoza kulembedwa ndi kamera. Mu 1887 akatswiri a maiko ambiri anasonkhana ku Paris nagaŵana thambo monga anthu agaŵana munda, pa ntchito yotchedwa Carte du Ciel. Anajambula pa magalasi oposa 22,000, lililonse lotenga madigiri 2 mbali iyi ndi 2 mbali inayo. Koma taonani kuchenjera kwao: anakonza kuti ngodya ya galasi lina igwere pakati pa galasi linzake, kuti nyenyezi iliyonse ijambulidwe kaŵiri. Kadontho kooneka pa galasi limodzi lokha kanali kokayikitsa; mwina kanali fumbi chabe. Ntchito yoyeza magalasiwo, imene yambiri inagwiridwa ndi amayi, inatenga nthaŵi yaitali kotero kuti mndandanda wa nyenyezi unatha kusindikizidwa mu 1964.

Tibwere tsopano ku Mtanda wanga wa nyenyezi zisanu ndi zitatu uja. Kodi kompyuta imadziŵa bwanji kuti nyenyezi iyi m'chithunzi ichi ndi yomweyo ili m'chithunzi icho? Polumikiza zithunzi za msika wa pa Zalewa ntchito ndi yopepuka, pakuti pali zikwangwani, madenga ndi magalimoto, chilichonse ndi maonekedwe akeake. Koma nyenyezi zonse ndi timadontho toyera pansalu yakuda, ndipo kadontho kamodzi sikasiyana ndi kanzake. Chifukwa chake mapulogalamu opangidwira nyenyezi sayang'ana kadontho kamodzi, koma amatenga titatu titatu nkuyeza mmene tatalikirana. Nyenyezi zitatu zimapanga mafuwa, ndipo kaimidwe ka mafuwa ameneŵa sikasintha ngakhale chithunzi chitapendekeka kapena kukulitsidwa. Kompyuta ikapeza mafuwa ofanana ambiri m'zithunzi ziŵiri, imadziŵa pogoneka china pa chinzake.

Njira imeneyi imalephera pa zifukwa zingapo. Nthaŵi zina pamsoko pamakhala nyenyezi zochepa, monga pambali pa Mtanda wa Kumwera pamene pali mtambo wakuda wa fumbi la kuthambo umene Azungu amaufanizira ndi thumba la makala. Nthaŵi zina nyenyezi zimachuluka kopitirira, monga pakati pa Mlalang'amba, ndipo kompyuta imasokonezeka nkukwatitsa mafuwa osayenerana. Koma chimene chinandipusitsa ine nchina. Kamera ikatsegula diso nthaŵi yaitali mumdima, imatulutsa timadontho take tabodza, tofiira ndi tobiriŵira, timene timakhala pamalo amodzimodzi m'chithunzi chilichonse. Kompyuta inaona timadontho timeneti tikufanana bwino lomwe m'zithunzi zonse, nkutiyesa nyenyezi, ndipo inakokera zithunzi kumeneko nkusiya nyenyezi zenizeni zitaphonyana. Mankhwala ake ndi osavuta. Mukatha kujambula, vundikirani lenzi ndi chotsekera chake, mujambule mdima wokhawokha kwa masekondi omwewo. Chithunzi chakuda chimenecho chimaonetsa timadontho tabodza tokha, ndipo pulogalamu imatichotsa m'zithunzi zonse. Zikakanikabe, munthu amaloŵererapo ndi dzanja. Pulogalamu yaulere yotchedwa Hugin imalola kuti muloze nokha: iyi apa ndi Antares, nyenyezi yofiira ija, ndipo iyi uku ndi yomweyo. Nyenyezi zisanu kapena zisanu ndi imodzi zotalikirana bwino pamsoko uliwonse zimakwanira.

Akatswiri a masiku ano ali ndi njira yoposa imeneyi. M'malo mofanizira chithunzi ndi chithunzi chinzake, amafanizira chithunzi chilichonse ndi kaundula wa nyenyezi. Chombo cha Gaia, chimene maiko a ku Ulaya anachiponya m'mlengalenga mu Disembala 2013 ndipo chinasiya ntchito mu 2025, chinayeza malo a nyenyezi pafupifupi 1.8 biliyoni. Chithunzi chilichonse chikapatsidwa malo ake enieni pa thambo, cholakwa cha msoko umodzi sichipatsira misoko yotsatira. Aliyense amene anayalapo njerwa popanda chingwe akudziŵa mmene kupotoka kwa njerwa yoyamba kumakulira pofika kungodya.

Nanga chiboo chija, ndi phiri lothyoka lija? Apa mlandu ndi wa dziko lapansi, limene silidikira munthu. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinayi. Mwezi wathunthu ndi wotakata theka la digiri, kotero thambo limasuntha mlingo wa mwezi umodzi pa mphindi ziŵiri zokha. Ine nditamaliza mzere woyamba ndinakaotha moto ndi kumwa tiyi, ndipo ndinabwerera patapita mphindi 40. Thambo linali litayenda madigiri 10, ndiyo miyezi 20 yondanda. Chigawo chimene ndinkayesa kuti ndikuchibwereza chinali chitachoka kale pamalopo. Ndiponso thambo silisuntha molunjika ngati nsalu yokokedwa. Limazungulira ngati gudumu, ndipo mtima wa gudumulo, kwa munthu woima ku Neno, uli kumwera, madigiri 15 kuchokera pansi. Nchifukwa chake Mtanda umene unaimirira madzulo umakhala utagona chammbali pakati pa usiku.

Nyenyezi zimayenda zonse pamodzi, osasiyana, kotero zokhazokha zimalumikizika ngakhale patapita nthaŵi. Koma mapiri a Kirk Range ndi mitengo ya bulugamu sayenda nazo. Mukagwirizanitsa nyenyezi, phiri limathyoka. Mukagwirizanitsa phiri, nyenyezi zimabadwa mapasa. Palibe pulogalamu imene ingakondweretse zonse ziŵiri. Chofunika ndi kujambula mzere wapansi, uja uli ndi mapiri, mofulumira ndi mosalekeza, kuyambira kumadzulo kumene nyenyezi zili pafupi kuloŵa. Polumikiza, uzani kompyuta kuti itsate nyenyezi zokha, ndipo dziko lapansi lilumikizidwe palokha. Pewaninso mtengo kapena nkhokwe yoyandikira kamera. Imikani chala patsogolo pa mphuno, mutsinzine diso limodzi kenaka linalo: chala chimalumpha, koma phiri lakutali silisuntha. Kamera ikatembenuka pa miyendo yake, diso lake limasuntha pang'ono chomwecho, ndipo chinthu chapafupi chimagwera pamalo aŵiri.

Pali vuto lina limene silichokera kwa wojambula, ndipo anthu a ku Neno ali ndi chida chabwino cholimvetsera. Tengani nachesi, mulisende mosamala kuti khoko lituluke lathunthu, ndipo muyese kuliyala patebulo kuti ligone fulati. Silingalole. Ling'ambika m'mphepete, kapena likwinyika pakati. Thambo ndi lozungulira ngati mkati mwa chipanda, pamene chithunzi ndi chafulati. Kachigawo kakang'ono ka khoko kamagona bwino, ndipo nchifukwa chake chithunzi chimodzi sichionetsa vuto. Koma mukalumikiza zigawo zambiri, pena pake payenera kutamuka. Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi tinkaphunzira zomwezi pa mapu a dziko lonse, aja amaonetsa Greenland ngati yolingana ndi Afirika pamene Afirika amaiposa ka 14. Mapulogalamu olumikizira amakufunsani kuti musankhe kayalidwe, ndipo kalikonse kali ndi mtengo wake. Kena kamasunga mizere yoongoka koma kamatamula m'mphepete mpaka nyenyezi zimasanduka nthanga za maungu. Kena kamasunga kaonekedwe ka magulu a nyenyezi koma kamapinda dziko. Zithunzi zija mumaziona za Mlalang'amba wopindika ngati utawaleza pamwamba pa mudzi, kupindikako nkwa kayalidwe chabe. Mukaima pabwalo nkuutsata ndi chala, mupeza kuti umazinga thambo monga lamba azinga chiuno.

Lenzi nayonso ili ndi zofooka zake, ndipo zonse zimasonkhana m'mphepete, pomwe pali msoko pomwepo. Pakati pa chithunzi nyenyezi imakhala kadontho. Kungodya imamera timapiko ngati inswa. Kungodya komweko kuŵala kumachepa, ndipo mizere yakuda ija ya m'chithunzi changa inachokera pamenepa: mphepete yakuda inakumana ndi mphepete yakuda inzake. Kutsekako diso la lenzi pang'ono, kuchoka pa f/1.8 kufika pa f/2.8, kumachepetsa zonse ziŵiri. Ndipo apa mawu a amalume abweranso, pakuti amene wagoneka malata ake mokwanira ali ndi ufulu wodula mphepete zoipazo nkutaya. Ofuna ntchito yaudongo amajambulanso nsalu yoyera yokutira pa lenzi, ataloza kuthambo m'bandakucha. Chithunzi chimenecho chimaonetsa mmene lenzi imadetsera ngodya, ndipo kompyuta imabwezera kuŵala kumene kunasoŵa.

Komabe thambo lenilenilo silikhala ndi mdima wofanana mbali zonse. Ngakhale kumapiri a Neno, mukayang'ana kumwera chakum'maŵa mumaona chiyereyere cha magetsi a mzinda wa Blantyre, ndipo mwatsoka pakati pa Mlalang'amba pamatulukira chakomweko m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire umadzaza mlengalenga nkufiiritsa nyenyezi zapansi. M'Juni ndi m'Julayi chiperoni chikhoza kubweretsa nkhungu yopyapyala imene maso saiona koma kamera imaigwira, ndipo mame amagwera pa lenzi mwakachetechete, kotero kuti zithunzi zomaliza zimatuluka zachimbuuzi pamene zoyamba zinali zakuthwa. Chinthu chimodzi chokha chili m'manja mwanu kotheratu: musalole kamera kapena foni kudzisankhira yokha kuŵala ndi mtundu. Ikasiyidwa payokha imasintha maganizo pa chithunzi chilichonse, china chobiriŵira china chofiirira. Ikani zonse ndi dzanja, ndipo musakhudzenso mpaka mutamaliza.

Kuti muone kukula kwa vuto limeneli la kuŵala, imvani za Axel Mellinger, mphunzitsi wa sayansi pa Central Michigan University ku America. Mu 2009 iye anatulutsa chithunzi cha thambo lonse chopangidwa ndi zithunzi zoposa 3,000, zimene anazijambula kwa miyezi 22 ku South Africa, ku Texas ndi ku Michigan. Chimodzi mwa zovuta chinali kusiyanitsa kuŵala kwenikweni kwa Mlalang'amba ndi kuŵala kwa mlengalenga wa dziko lathu, kumene kumasintha usiku uliwonse. Anachita kufunafuna miyeso imene inatengedwa ndi zombo za Pioneer 10 ndi Pioneer 11, zoponyedwa mu 1972 ndi 1973, zimene zinayeza kuŵala kwa thambo zili kutali ndi dziko lapansi, ndipo anailinganiza ndi zithunzi zake.

Ife a pa wailesi tili ndi chifukwa chathu chonyadira pa nkhani imeneyi. M'chipululu cha Karoo ku South Africa, pafupi ndi tauni ya Carnarvon, kuli telesikopu yotchedwa MeerKAT, ya mbale zikuluzikulu 64, imene inatsegulidwa mu 2018. Iyo siiona kuŵala, koma imamvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, amene amadutsa m'fumbi lobisa pakati pa Mlalang'amba. Mu Januwale 2022 akatswiri ake anatulutsa chithunzi cha malo amenewo, omwe aja amadutsa pamutu pa Neno. Nachonso chinali chosoka: zigamba 20, zimene zinadya maola 200.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangopaka misokoyo kuti isaoneke? Mapulogalamu a masiku ano amatha kutero. Ena amathanso kudzaza chiboo ndi nyenyezi zopeka. Ine monga munthu amene anaphunzira zauphunzitsi, chimenechi ndimachikana. Chithunzi changa ndinkafuna kuchipereka ku sukulu ya pulayimale ya m'mudzimo, kuti ana azifanizira ndi zimene akuona usiku. Mwana amene waŵerenga nyenyezi zisanu ndi zitatu pa pepala, nkupeza zinayi kuthambo, adzakhulupirira chiti? Ana athu ambiri anazoloŵera kuganiza kuti chosindikizidwa sichinama, ndipo adzakayikira maso ao. Kusalaza kuŵala pamsoko nkololedwa, chifukwa mzere wakuda uja sunali kuthambo. Koma kuika nyenyezi pamene panalibe, kapena kufafaniza imene ilipo kuti msoko ukongole, kumeneko ndi kunama. Chiboo chisiyidwe chakuda, kapena munthu abwerere kukajambulanso monga ankachitira a ndege aja.

Ine ndinabwerera. Patapita mwezi umodzi, mwezi utaloŵanso kumdima, ndinakwera basi mpaka pa boma la Neno nkumalizira ulendo pa njinga yamoto. Popeza nyenyezi zimafulumira ndi mphindi zinayi usiku uliwonse, thambo lija la 9 koloko ndinalipeza cha m'ma 7 koloko. Ndinaima patali ndi mitengo, ndinakulunga lenzi ndi sokosi kuti mame achedwe kugwira, ndipo ndinajambula zithunzi 21, mizere itatu ya zithunzi 7, kuyambira pa Mtanda umene unali kutsikira kumapiri. Zonse zinatha m'mphindi 12, ndipo tiyi ndinamwa pambuyo pake. Utsi unali utayamba, kotero nyenyezi zapansi zinafiira pang'ono kuposa za Julayi. Setilaiti ina inadutsa m'chithunzi chimodzi nkusiya kamzere kamene kamathera mwadzidzidzi pamsoko, pakuti m'chithunzi chotsatira inali itapita, kamzereko ndinakasiya. Mtanda unatuluka ndi nyenyezi zake zinayi, ndi kachisanu kozimirira kaja pambali.

Nditasindikiza, ndinapita nacho kwa amalume. Anavala mandala ao, nayendetsa chala pa pepala kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga amachitira poyendera denga latsopano mvula isanagwe. Mwa misoko yonse anapeza umodzi, pamwamba pa bulugamu wa kumanda, pamene nsonga ya mtengo inaphonyana ndi thunthu lake.